Thole Silifa ndi Tsoka

Chaka ndi chaka, mvula yoyamba ikangonunkhira m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, m'makola a ng'ombe mumagwa maliro amene salengezedwa pa wailesi. Kuyambira kwa Mwadzama mpaka kwa Kanyenda nkhani yake ndi imodzi: ng'ombe yaswa, thole laimirira, mwini khola wasekerera, koma mwezi usanathe thole lija lapita. Anansi amabwera kudzapepesa, ndipo mau amene amamveka pa bwalo ndi omwe aja a chaka chatha, akuti ndi tsoka, akuti chaka chino chabwera moipa, akuti pali wina wa kaduka amene waponda m'kholamo usiku. Mau amenewa ayenera kutsutsidwa poyera ndi mosanyengerera, pakuti ndimo mmene mphwayi zimabisala, ndipo mphwayi zatha mathole ambiri kuposa fisi ndi ng'ona.

Munthu amene amalandira malipiro a pa mwezi angaganize kuti thole ndi kanthu kochepa. Munthu wotere akhale pansi awerengere. Ng'ombe imasenza bere masiku pafupifupi 283. Ng'ombe ya makolo, imene akatswiri amaitcha Malawi Zebu, ikamadalira udzu wa kutchire wokha nthawi zambiri sibereka chaka chiri chonse, ndipo msoti umatha zaka zitatu kapena zinayi usanaone thole lake loyamba. Chotero thole lalikazi likafa, banja lataya khola lonse la mtsogolo. Likafa lalimuna, yapita ng'ombe ya pa ngolo imene ikadakoka mpunga kuchokera ku dambo, yapita fizi ya mwana wa ku sekondale, apita malata a nyumba. Kuonjezera apo, ng'ombe ya makolo sitsitsa mkaka bwino popanda thole pambali pake, kotero kuti imfa ya thole imaumitsanso mkaka wa ana m'nyumba.

Pali magulu atatu a anthu amene amaikira kumbuyo imfa zimenezi, ndipo gulu liri lonse liyenera kuyankhidwa pa lokha.

Oyamba ndi anthu a tsoka aja. Iwowa afunsidwe funso limodzi: kodi tsokalo limadziwa bwanji kalendala? Ng'ombe imene yakweredwa mu Januwale kapena mu Febuluwale, pamene msipu uli wambiri ndipo thupi lake liri bwino, imaswa mu Okutobala kapena mu Novembala. Ndiye kuti miyezi itatu yotsiriza ya bere, imene thole limakula kwambiri m'mimba, imagwa pakati pa chirimwe, udzu utauma, tchire litapsa ndi moto wa osaka mbewa. Make amafika pa tsiku loswa nthiti zikuwerengeka. Thole limabadwa lofooka, mkaka umakhala wochepa, ndipo patangopita milungu ingapo mvula imasandutsa khola kukhala thawale la matope ndi ndowe. Apa palibe ufiti. Pali njala ndi uve, ndipo ziwiri zonsezi ziri ndi mankhwala amene safuna ndalama za kunja.

Boma la Nkhotakota silisowa chakudya cha ziweto. Mapesi a mpunga a ku Bua ndi a m'madambo ena, mapesi a chimanga, masangwe a mtedza wa kwa Mwansambo, nsonga za nzimbe za ku Dwangwa, madeya a pa chigayo, zonsezi ziripo, koma zambiri zimathera pa moto. Mlimi amene waunjika zimenezi pa nsanja yofolera mu Meyi ndi mu Juni, nabzala nsenjere ndi lukina m'mphepete mwa munda, amakhala ndi chopatsa ng'ombe ya bere mu Seputembala. Mnzake amene watentha zonse, ng'ombe yake ikagwa, asaloze chala nkhalamba ya kuseri kwa mudzi.

Chinthu china chimene mtsogoleri aliyense ayenera kuchidziwa pamtima ndi ichi: thole limabadwa lopanda chitetezo cha matenda m'magazi mwake. Chitetezo chake chonse chiri mu mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wokhuthala, umene ena amautcha chithuwi. Matumbo a thole amalandira bwino chitetezocho m'maola 6 oyamba, ndipo tsiku limodzi likatha khomo latsekeka. Thole la makilogalamu 20 liyenera kuyamwa malita pafupifupi 2 theka la tsiku lisanathe. Nanga ziri bwanji m'midzi yambiri? Ng'ombe ya bere lakupsa imaperekedwa kwa kamnyamata ka zaka khumi, imaswera kutali m'dambo, ndipo thole limafika pa khola madzulo lisanayamwe mokwanira. Mchombo wake wauwisi umagona m'ndowe, pamene kadontho ka ayodini kakadatseka njira ya tizirombo. Kenaka limayamba kutsegula m'mimba, mfundo za miyendo zimatupa, ndipo anthu amati lalodzedwa. M'mera mpoyamba. Ng'ombe imene yatsala pang'ono kuswa ikhale pafupi ndi nyumba m'maso mwa munthu wamkulu, ndipo thole likhale ndi kakhola kake kofolera, kouma, koyalamo udzu.

Ngakhale pa kuswa penipeni pamafunika nzeru osati mphamvu. Thole lobwera bwino limatsogoza miyendo iwiri ya kutsogolo, mphuno iri pamwamba pake. Ng'ombe ikakankha kwa ola limodzi kapena awiri popanda kusintha, nthawi yoitana mlangizi wa ziweto yakwana. Kusonkhanitsa amuna asanu kuti akoke ndi chingwe ndiko kupha ng'ombe ziwiri tsiku limodzi. Ndiponso mavuto ambiri otere amayamba kale, pamene kamsoti kosakhwima kasiyidwa ndi nkhunzi yaikulu.

Gulu lachiwiri ndi la anthu ophunzira, ena a iwo a m'maofesi, amene amati dziko la kunyanja ndi la usipa, kondowole ndi mpunga, ng'ombe nza ku Mzimba ndi ku Chikwawa, ndipo amene waweta ng'ombe pafupi ndi nkhalango ya Nkhotakota wadziputira yekha. M'mau awo muli choonadi pang'ono. Nkhalangoyo, imene kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 1,800, ndi kwawo kwa kashembe, ntchentche imene imatenga kachirombo m'magazi a nyama za kutchire nkukapatsira ng'ombe ndi anthu. Ng'ombe yolumidwa imaonda, magazi amachepa, mkaka umauma, ndipo ya bere imapoloza. Munthu amadwala kaodzera. Nzoonanso kuti kuyambira mu 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyo mogwirizana ndi Boma, nyama zabwereramo: mu 2016 ndi 2017 munalowa njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamodzi ndi nyama zina zambiri.

Koma choonadi chimenechi sichipereka chilolezo chopinda manja. Kashembe si mdani wachilendo. David Bruce anazindikira mu 1895, ku Zululand, kuti ndiye amafalitsa nthenda ya ng'ombeyi, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe anadzachitanso kafukufuku wa kaodzera m'dziko lino. Akatswiri a ku Zimbabwe anapeza kuti kashembe amakopeka ndi nsalu ya buluu ndi yakuda, ndipo nsalu yotere ikapakidwa mankhwala nkuimikidwa m'malire a tchire imapha ntchentchezo mwakachetechete. Mu 1986 Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique anayamba ntchito ya limodzi yolimbana ndi kashembe. Nzeru zonsezi ziripo kale. Chomvetsa chisoni nchakuti nsalu zotere zikaimikidwa, pamapezeka anthu amene amaziba nkukasoka malaya, kenaka nkumadandaula kuti ng'ombe zikutha.

Palinso mfundo imene mlangizi aliyense wa kunyanja ayenera kuilalikira pa msonkhano uli wonse. Si mankhwala onse opopera ng'ombe amene amapha kashembe. A mtundu wa amitraz amapha nkhupakupa koma kashembe samumva. A mtundu wa deltamethrin amapha zonse ziwiri, ndipo popeza kashembe amakonda kuluma m'miyendo ndi kumimba, kupopera bwino malo amenewo kumasandutsa ng'ombe yomweyo kukhala msampha woyenda. Mlimi wa kufupi ndi nkhalango amene wagula botolo losayenera wataya ndalama, ndipo mlandu wake uli pa amene anali ndi udindo womuuza.

Za madzi nazonso sizifuna mneneri. Mu Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, nusamutsa mabanja ambiri kwa Kanyenda, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera nkumiza magombe. Walira mvula walira matope. Khola la kunyanja limangidwe pa chitunda, likhale ndi ngalande, ndipo malo othawitsira ziweto adziwike dzinja lisanafike. M'madambo osauma mumakhalanso nkhono zimene zimasunga nyongolotsi za m'chiwindi. Ng'ombe yodya kumeneko imwetsedwe mankhwala pa nthawi yake, osadikira kuti pakhosi patupe. Dziko la kunyanja likhoza kuweta ng'ombe. Limangofuna mwambo woposa wa kumtunda.

Gulu lachitatu ndilo loopsa koposa, chifukwa limalankhula ngati lanzeru. Anthu ake amati ng'ombe ndi chuma cha mwini wake, chotero aliyense adzionere yekha za nkhupakupa, Boma ndi mudzi zisalowererepo. Maganizo amenewa ndiwo anagwetsa madibi. Kale kupita ndi ng'ombe ku dibi linali lamulo, ndipo tsiku la dibi linkadziwika ndi mwana yemwe. M'zaka za m'ma 1990, pamene ntchito zambiri za Boma zinachepetsedwa, udindo wa madibi unatulidwa m'manja mwa alimi popanda kuwakonzekeretsa mokwanira. Zotsatira zake aliyense woyenda m'midzi waziona: madibi ong'aluka, omera udzu, osambiramo achule, dzina lokha litatsala pa siteji ya basi.

Nkhupakupa sidziwa malire a khola. Ng'ombe za mudzi umodzi zimadya dambo limodzi ndi kumwa pa dooko limodzi. Mlimi mmodzi akapopera zake, anzake asanu ndi anayi osapopera, ndiye kuti akutunga madzi ndi dengu. Nkhupakupa yofiirira ya m'makutu ndiyo imanyamula nthenda ya East Coast fever, ndipo zikuluzikulu zake zimachuluka m'dzinja, nthawi imene mathole ali anthete. Thole limatupa mwanabere kunsi kwa khutu, limatentha thupi, limapuma movutikira, kenaka thovu limatuluka m'mphuno, ndipo pa milungu itatu zonse zatha. Nzoona kuti ng'ombe zazikulu za makolo zimapirira nthendayi kuposa za chizungu, koma zimene zimapirirazo ndi zimene zinapulumuka pa uthole. Amene amanyadira kupirira kwa ng'ombe za makolo awerengenso zimene zinatsala panjira.

Wofuna umboni ayang'ane kwa anansi. M'zaka za m'ma 1970, nkhondo ya ufulu itasokoneza madibi m'midzi ya ku Rhodesia, akatswiri anawerengera kuti ng'ombe pafupifupi miliyoni imodzi zinafa, zambiri ndi matenda a nkhupakupa. Kuyambira mu 2017, madibi atafookanso ku Zimbabwe komweko, nthenda imene kumeneko amaitcha January disease inapululanso makola ochuluka. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Chochititsa manyazi nchakuti chida cholimbana ndi East Coast fever chiri pakhomo. Katemera wake anapangidwa koyamba ku Muguga, m'dziko la Kenya, m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2014 malo a African Union ofufuza za nkhupakupa ku Lilongwe, otchedwa CTTBD, anakhazikitsa ntchito yomupanga kuti afikire maiko a chigawo chino. Thole limabayidwa kamodzi, pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, ndipo limatetezeka moyo wake wonse. Koma katemerayu amasungidwa mozizira kwambiri, kachubu kamodzi kamakwanira mathole pafupifupi 40, ndipo kakasungunulidwa kayenera kutha m'maola ochepa. Kodi mlimi wa mathole awiri angaitanitse yekha kachubu kotere? Sangathe. Pafunika munthu woyenda khomo ndi khomo, kulemba maina, kusonkhetsa ndalama, kugwirizana tsiku ndi ofesi ya za ziweto, ndi kusonkhanitsa mathole 40 pansi pa mtengo umodzi. Katemera yemweyo akuchitira umboni kuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo katemera salowa m'malo mwa dibi, pakuti nkhupakupa zimanyamulanso matenda ena, monga aja okodzetsa magazi.

Pamene dibi lafa, pamamera ochenjera. Pa tsiku la msika amayala timabotolo padzuwa, topanda chizindikiro chodalirika, nauza mlimi kuti jekeseni imodzi ichiritsa nthenda iri yonse. Mlimi pofuna kupulumutsa ndalama amagawa mlingo wa ng'ombe imodzi kwa zitatu, ndipo potero amaphunzitsa tizirombo kuzolowera mankhwala. Ng'ombe ikafika pothera, pamatulukira wina ndi mpeni, naigula pa mtengo wa mbuzi. Anthu awiriwa amadyera imfa za mathole, ndipo ndiwo amakonda kwambiri nkhani ya tsoka.

Tsono imfa ikagwa, pakuti ngakhale m'khola losamalika imagwa, banja lichite chiyani? Choyamba, imfa iri yonse inenedwe kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Thole lofa ndi kalata yochenjeza mathole amoyo, ndipo kalata yokwiriridwa mwakachetechete siwerengedwa. Chachiwiri, chiweto chofa mwadzidzidzi, makamaka chotuluka magazi m'mphuno kapena kumbuyo, chisasendedwe, chisadyedwe, chisagulitsidwe; chikwiriridwe m'dzenje lakuya. Nthenda ya anthrax, imene inapha mvuu zambiri ku Liwonde mu 2018, imapha ndi anthu omwe. Chachitatu, ng'ombe ikapoloza, mtayowo ndi zotsalira zake zisagwiridwe ndi manja chabe kapena kuponyeredwa agalu, ng'ombeyo ipatulidwe, ndipo mkaka uli wonse uwiritsidwe, chifukwa matenda opolozetsa ng'ombe amalowanso mwa munthu. Chachinayi, make akafa thole nkutsala, liyamwitsidwe kwa ng'ombe ina yoswa kumene kapena ndi botolo laukhondo. Zimenezi zimatheka pokhapo pamene anansi ali pa ubale.

Pepani sapoletsa chilonda. Mudzi umene umadziwa kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro a munthu ungathenso kukhala ndi thumba la komiti ya ziweto, logulira mankhwala a dibi ndi kuthandiza banja limene khola lake lagwa. Njira yopatsirana ziweto, imene wolandira msoti amapereka thole loyamba lalikazi kwa mnzake, yadzutsa makola ambiri m'dziko muno. Magulu a banki mkhonde, amene amai amawayendetsa mwaluso, angaike padera kagawo ka nyengo yoswa. Ndipo khola liri lonse likhale ndi kabuku kolembamo tsiku lokweredwa, tsiku loswa, tsiku la mankhwala ndi tsiku la imfa. Mwini kabuku sadzidzimutsidwa ndi bere la ng'ombe yake.

Mau otsiriza apite kwa atsogoleri ndi kwa ogwira ntchito za Boma. Wapampando wa nthambi amene amadziwa chiwerengero cha anthu obwera ku msonkhano, koma sadziwa chiwerengero cha mathole amene anafa m'dera lake dzinja lathali, sanayambe ntchito. Mlembi wa dera amene amadutsa pa dibi logumuka tsiku ndi tsiku osaitana mafumu ndi eni ng'ombe kuti akambirane za simenti ndi mchenga, akuyembekeza yani? Mlangizi wa ku Linga, wa ku Zidyana kapena wa ku Nkhunga amayamikika ndi matope a ku nsapato zake, osati ndi kukongola kwa lipoti. Nawonso akuluakulu a ku likulu adziwe kuti mlangizi wopanda njinga yamoto, wopanda mafuta, wopanda ayodini m'chikwama, ali ngati msodzi wopanda bwato, ndipo si chilungamo kumudzudzula pamene sanapatsidwe zida. Ndalama za ziweto zifike ku maboma mu Ogasiti, osati mu Malichi mathole atatha. Achinyamata amene amaphunzira za ziweto ku Bunda ndi ku Natural Resources College atumizidwe kumene kuli makola.

Amene akukayika kuti zimenezi zingatheke akumbukire mliri wa rinderpest. M'zaka za m'ma 1890 unasesa Africa kuyambira kumpoto mpaka kummwera, nupha ng'ombe zisanu ndi zinayi mwa khumi ziri zonse m'madera ambiri, ndipo makolo anauona ngati mkwiyo umene munthu sangautsutse. Mu 2011 dziko lonse linalengeza kuti nthendayo yatheratu. Inatha ndi katemera, ndi malamulo, ndi anthu wamba amene anayenda mudzi ndi mudzi kufikira ng'ombe yomaliza itabayidwa. Nkhupakupa, kashembe, njala ndi matope a ku Nkhotakota si zazikulu kuposa mliri umenewo. Nthambi iri yonse ikhale pansi ndi mafumu ndi alangizi mwezi uno, iwerenge ng'ombe za bere, ikonze dibi, iunjike chakudya, ilembe mathole a katemera, ndipo pakutha pa dzinja ibwere ndi chiwerengero cha mathole amoyo. Chimenecho ndicho chiyeso cha utsogoleri.